Maliro a Chitsononkho

Mwana wa mkulu wanga adafika pakhomo pathu nyengo ya chisanu, atakhala kumbuyo kwa njinga ya mlongo wathu, timiyendo tili lendelende. Anali mtsikana wa zaka zisanu kapena kupitirirapo pang'ono, mano akutsogolo asanagweluke. Manowo ndawatchula dala, chifukwa mwezi usanathe mudzi wonse udawadziwa.

Nthawiyo n'kuti ndili mtengwa watsopano m'mudzi wina kufupi ndi Domwe, ndisanaone mwana wangawanga. Apwitikizi anali akadalipo, nkhondo tinkangoimvera kutali, magalimoto a tropa, asilikali awo aja, ankadutsa pamsewu n'kutisiyira fumbi. Mkulu wanga adamwalira ndi chifuwa kumudzi kwathu. Mwamuna wake anali atatchona kalekale kuminda ya fodya ku Halale, osatumiza ngakhale moni. Abale atakhala pansi adati mwana apite kwa amayi ake aang'ono, ndiye kuti ine. Ndidavomera ndisanawafunse n'komwe amuna anga, poti pakamwa panga pamathamanga kusiya mutu m'mbuyo, ndipo mpaka lero sipadasinthe.

Tsiku la maliro mwanayo sadaone kanthu. Kwathu mwana wamng'ono sapita kumanda, saonanso nkhope. Adamutengera kutsidya kwa dambo kwa anthu ena, namupatsa chimanga chootcha, ndipo pobwerako adapeza nyumba yosesedwa, akuluakulu onse atameta mipala. Atafunsa adamuuza kuti amayi apita kuchipatala ku Ulongwe, abwera posachedwa. Tonse tidakula choncho, ndipo palibe amene ankaonapo vuto. Mwanayo adafunsa masiku angapo, kenaka adaleka kufunsa, n'kulekeratu kulankhula komwe.

Kusalankhulako tikadapirira. Koma kuluma! Mayo ine, mwana ameneyo ankaluma. Adaluma ana anzake pamtondo, adandiluma ine pamkono ndikumusambitsa, adaluma mbuzi khutu, mbuziyo n'kuthawa ikulira mpaka kudambo. Akatekisita athu, bambo aulemu wawo osavula kazako, jekete lawo lija, ngakhale dzuwa liswe mtengo, adawerama tsiku lina kuti amusisite pamutu, ndipo Lamulungu lotsatira adatsogolera mapemphero chala atachimanga ndi kansanza. Mwanayo pamphasa ankakodza, nkhuku ankazigenda. Ndikamukalipira ankandiyang'ana m'maso osaphethira, mpaka ine ndemwe n'kuyang'ana kumbali.

Mwini bwalo pakhomopo anali apongozi anga, amayi awo a amuna anga. Anali mayi aatali, ouma thupi, okonda fodya wa pamphuno, ndipo akatsokomola kukhonde kwawo ngakhale atambala ankasiya ndewu. Za kulumazo ankangoti, "Muzimutsina, aleka." Chimene chidawautsa mtima ndi china. M'mawa wina akuzungulira kuseri kwa khola la ng'ombe adapeza timitumbira ting'onoting'ono, tondandalikidwa bwinobwino. Atafukula kamodzi ndi ndodo yawo, mudatuluka chitsononkho cha chimanga chokulungidwa m'tsamba la nthochi.

"Mtengwa, tabwerani kuno!"

Ndidapita n'kugwada chapatali.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndi masewera a mwana, amayi."

"Masewera? Mwana amasewera phada, amaphika dothi, chitsononkho amachibereka kumsana. Uyu akukwirira. Akutilaula ameneyu, akuitana maliro pakhomo pano. Wamkulu pano ndine. Mukufuna ayambe ndi ine?"

Yankho linali litafika kale pamlomo, koma amuna anga, amene anali ataima pakhomo pa khola, adatsokomola mondichenjeza, ndipo ndidalimeza. Apongozi adafafaniza timitumbira tonse ndi phazi, nagamula pomwepo. Mbatata ya kachewere ikakumbidwa, mwini kantina ankatumiza kamiyau, chigalimoto chake chija, kudzanyamula matumba. Apongoziwo adati mwanayo adzakwere nawo, akamusiye kwa abale a bambo ake kuseri kwa Kalomwe. Anthu amenewo mwana sadawaonepo. Ine ndemwe ndidawaona kamodzi kokha paukwati wa mkulu wanga, akulimbirana mwendo wa mbuzi. Ndidalowa m'nyumba n'kulira chinunu, chifukwa mwanayo, kaya andilume chotani, anali ndi chipumi cha mkulu wanga, ndipo ndinkamukonda.

Chilonda cha pamkono chija chidatupa, choncho ndidapita kuposito ya mankhwala kwa apadiri, ansembe aja. Anamwino a kumeneko, amene tinkati a enferimera, anali mayi onenepa, oseka ndi thupi lonse, obadwira kwathu konkuno koma ophunzira ntchito kutali. Atayang'ana chilondacho adati, "Galu wake ndi wamano okongola."

"Si galu ayi, ndi mwana wanga."

"Ndiye wodwala mwamusiya kunyumba. Mawa mubwere naye mwini manowo."

Ndidapita naye, ndikuganiza kuti amubaya. Koma mayi aja sadamugwire n'komwe. Adatulutsa timabotolo topanda kanthu ndi nsanza zingapo, nakhala pansi pasimenti ndi diresi lawo loyeralo, osanena kanthu. Patapita nthawi mwana adayamba kugoneka timabotolo tija mondandalika. Anamwino adangoti, "Watigoneka." Mwana adatifunditsa nsanza. Iwo adati, "Watifunditsa." Basi, mawu ake omwewo. Mwana adadzutsa mutu n'kuwayang'ana, ndipo aka kanali koyamba kumuona akuyang'ana munthu wamkulu popanda ukali.

Mwana atatuluka kukaona abakha panja, anamwino adandiuza. "Uyu mankhwala a m'botolo sangamuthandize. Ali ndi nkhani yaikulu, koma mawu ake ndi ochepa, ndiye akuinena ndi manja. Kumene ndidaphunzira ntchito kunali mayi wina wachikulire amene ana otere ankawachiza ndi masewera okhaokha. Tsiku lililonse, malo omwewo, nthawi yomweyo, muzikhala naye pansi awiriwiri. Mwini masewera ndi iyeyo, inu ndinu wantchito wake. Osamufunsa mafunso, osamuphunzitsa, osamukonzera zinthu. Mukafuna kulankhula, nenani chimene mukuona, n'kusiyira pomwepo. Choletsa n'chimodzi, kuluma munthu. Mano akayabwa mupatseni chitsononkho alume."

"Ine? Mayi wapabanja, ndikhale m'fumbi kuseweretsa dothi? Anthu adzati chiyani?"

"Adzati mwapenga. Nanga panopo amati chiyani?"

Sadaname ayi, poti anthu ankanena kale kuti mtengwa wa pakhomo paja ndi wolongolola.

"Ndipo fumbi silikuvutani ayi," adatero akumanga mkono wanga. "Chimene chikuvuteni inu ndi kutseka pakamwa."

Ndidakwiya njira yonse, koma ndidachita. Kumunsi kwa dimba langa kunali mtengo wa mapichesi, pobisika ndi mpanda wa udzu. Ndidatenga lichero lakutha n'kuikamo zitsononkho, dothi la mtapo, nsanza, luzi, zigoba za nkhono ndi kakhasu kakutha. Dzuwa likangopendeka, nditatsuka mbale, ndinkati, "Nthawi yathu yakwana," n'kutsogola. Poyamba ankanditsatira chapatali ngati sakunditsatira.

Anamwino aja ankandidziwa kuposa mmene ndinkadzidziwira. Tsiku loyamba ndidaumba kamphika kokongola, ndikuti, "Taona, tiphike ndiwo zanji?" Adakaponda. Tsiku lina adagoneka chitsononkho, ine ndiye, "Ameneyu ndani? Akudwala? Timupatse phala?" Chitsononkhocho chidandipeza pamphumi. Pomaliza adatopa nane, nadzandiphimba pakamwa ndi kadzanja kake kodzaza dothi, n'kugwira pomwepo mpaka nditakhala phee. Kuyambira pamenepo ndinkapita ndi kachidutswa ka nzimbe. Funso likafika pakhosi ndinkaluma nzimbe. Ndidatafuna nzimbe zambiri chaka chimenecho, mpaka amuna anga adayamba kudandaula kuti m'dimba mwalowa akuba.

Nditangotseka pakamwa, masewera adayamba kuyenda. Adaumba tinyumba, n'kutiphwanya, n'kutiumbanso. Ine ndinkangoti, "Yagwa. Waimanganso." Tsiku lina adandikankhira pansi kuti ndikwawe, nandimanga luzi m'khosi, n'kutenga kashamu. Ndidazindikira kuti ndasanduka ng'ombe. Ndidakwawa kuzungulira mtengo wa mapichesi, iye akundikusa, nkhope ili yolimba ngati mbusa weniweni. Tsoka ilo, mayi wina wochokera kuchitsime adasuzumira pampanda. Dzuwa lisanalowe nkhani inali itafika mpaka kukantina.

M'mawa mwake kuchitsime adandilandira bwino. "Tapatukani, tapatukani, ng'ombe imwe kaye!" Ndidati, "Zikomo, koma mudziwe kuti ng'ombe yake ndi yoponda." Adaseka mpaka wina kutaya madzi. Kunyumba amuna anga, munthu wosalankhulalankhula, adadya mwakachetechete, n'kusamba m'manja, kenaka adati, "Ine ndidapereka ng'ombe kwanu kuti andipatse mkazi. Sindinkadziwa kuti andibwezera ina." Ndidawagenda ndi chipande, koma ndikuseka.

Ung'ombe womwewo ndi umene udabweretsa chinthu choyamba chabwino. Ndikukwawa choncho, bondo lidaterereka, ndipo ndidagwera mu ngalande yothirira kabichi, miyendo m'mwamba. Ndidamva kaphokoso kachilendo kumbuyo kwanga. Ndidayesa kuti watsamwa. Potembenuka, a! mwana akuseka, kuseka kwenikweni, atagwira pamimba, mano onse aja ali poyera. Ndidakhala m'matopemo osafuna kudzuka, mtima uli myaa, ndipo ndikadatha kugweramonso dala.

Kuluma sikudathe tsiku limodzi. Tsiku lina kanyumba kake kadakana kuima, ndipo adalumphira mkono wanga pakamwa pali yasa. Ndidabweza mkono n'kumupatsa chitsononkho. Ndidati, "Wakwiya kwambiri. Mkono ndi wanga, sulumidwa. Ichi n'chako." Adachiluma, nachitafuna, nachilavula, kuchita kuchinyenyanyenya. Atatha adagona pamiyendo panga n'kugona tulo. Masabata otsatira mphasa idayamba kuuma, nkhuku zidayamba kudutsa pafupi naye popanda kuthamanga, ndipo ana a pamtondo adayambanso kumuitana.

Koma panali sewero limodzi limene silinkasintha. Kaya tiyambe ndi ng'ombe, kaya ndi tinyumba, pomaliza ankatenga chitsononkho, n'kuchikulunga, n'kukumba kadzenje, n'kuchikwirira. Akatero ankakhala n'kumayang'ana. Kenaka ankachifukula, n'kuchigwedeza mwamphamvu, n'kuchikwiriranso. Ndinene zoona, inenso zinkandiopsa. Ndidakulira momwemo, ndipo mantha a malodza ndinali nawo ngati wina aliyense. Akangoyamba kukumba ndinkalavula nzimbe n'kunena kuti, "Tiye tikaone anapiye," ndipo iye akatsogola ndinkasalaza pamalopo ndi phazi.

Nditapitanso kuposito ndidawauza anamwino. Adapukusa mutu. "Ana amamva zonse, mayi. Wina wake, kaya ndi mwana mnzake, adamuuza kuti amayi ake adawakwirira. Inu akuluakulu mudamuuza kuti ali kuchipatala. Ndiye akukwirira n'kufukula kuti aone wonena zoona ndani. Mulekeni afike kumapeto. Ndipo akadzakufunsani, mudzamuuze zoona."

"Nanga akatilaula?"

"Ndagwira ntchito pano nthawi yaitali. Andibweretsera olumidwa ndi njoka, ogwa panjinga, ogundidwa ndi ng'ombe. Wophedwa ndi chitsononkho sadabwerepo."

Nthawiyo mbatata inali itayamba kukumbidwa. Matumba adayamba kundandalikana m'mphepete mwa msewu. Uthenga udabwera kuti kamiyau afika Lamulungu likadutsa. Ndidapita kukhonde kwa apongozi, ndidagwada, n'kulankhula mofatsa kuposa mmene ndidalankhulirapo moyo wanga wonse. Ndidati mwana wasiya kuluma, wasiya kugenda, akuseka.

"Kuluma wasiya, ndaona," adatero akugogoda kabotolo kawo ka fodya. "Nanga kukumba? Musayese kuti mpanda wa udzu ndi khoma. Za ng'ombe ndamva, za manda ndamvanso. Mawu anga ndi omwe aja."

Ndidapempha amuna anga kuti andilankhulire. Adakanda m'mutu n'kunena kuti amayi akanena anena. Ndidawauza mawu amene sindingawalembe pano.

Loweruka lake anthu onse anali kuminda, apongozi atagona m'nyumba mwawo monga ankachitira dzuwa likatentha. Ife tidatsikira kudimba. Tsikulo mwana sadafune ng'ombe. Adasankha chitsononkho chachikulu kuposa zonse, ndipo m'malo mwa tsamba la nthochi adatulutsa m'malaya mwake mpango wofiira wothetheka. Ndidauzindikira nthawi yomweyo. Unali wa mkulu wanga, ndipo sindinkadziwa n'komwe kuti mwanayo anali nawo. Adakulunga chitsononkho chija mosamala, nandipatsa kakhasu. Ndidaluma nzimbe mwamphamvu n'kukumba. Adachigoneka m'dzenjemo, nakhala pansi atatambalala ngati amayi a pasiwa, n'kundikoka kuti nanenso nditero. Kenaka adandizula nzimbe pakamwa n'kuitaya.

"Lirani," adatero.

Mawu ake anali osasa, ang'onoang'ono. Ndidatsala pang'ono kumunyamula n'kuvina naye, koma ndidakumbuka kuti ndine wantchito. Ndidayamba chapansipansi, "Mayo, mayo ine," ngati mmene ana amachitira pamasanje.

Adapukusa mutu. "Lirani zenizeni."

Ndidayang'ana m'dzenjemo, ndidaona nsonga ya mpango ija, pamene mkulu wanga ankamangapo singano. Sindidziwa chimene chidachitika. Misozi imene ndinkayesa kuti idatha pamaliro idabwera yonse, ndipo ndidabuma. "Mkulu wanga ine! Mayi wawaye! Mwandisiyira yani ine!" Tsono mawu anga si a masewera. Ndikaitana nkhuku, za kutsidya nazo zimabwera. Ndidalira maso ali chitsekere, osadziwa kuti kumtunda kukuchitika zotani.

Za kumtundazo adandiuza pambuyo pake, ndipo anthu adaziseka zaka zambiri. Kwathu kulira kotero kukamveka sufunsa, umataya khasu n'kuthamanga. Okumba mbatata adataya makasu. Amayi a kuchitsime adasiya mitsuko n'kuyamba kulira ali m'njira. Kulirako kunkachokera chakwathu, ndipo wachikulire pakhomo pathu ankadziwika, choncho palibe amene adakayika kuti wapita ndani. Bambo wina wachangu adathyola nthambi n'kuziika kale panjira. Akatekisita adabwera akuthamanga, buku lili m'khwapa. Gulu lonse lidakhamukira kunyumba kwa apongozi, likulira kuti, "Amayi athu atisiya!"

Apongozi adadzidzimuka kutulo n'kutsegula chitseko. Mayi amene anali patsogolo adakuwa n'kugwa chagada. Amuna anga adafika akulira ngati mwana, dothi la kumunda lili thupi lonse, n'kupeza amayi awo ataima pakhomo, atagwira m'chiuno.

"Ukulira yani iwe?"

"Inuyo, amayi."

"Wakuuza ndani kuti ndafa?"

Amuna anga asanayankhe, onse adamva kuti kulira kukupitirira kumunsi, kudimba.

Pamene ndinkatsegula maso, mudzi wonse unali utatizungulira, mpanda wanga wa udzu atauponda. Patsogolo panali apongozi ndi ndodo yawo. Anthu adasuzumira m'dzenje, naona chitsononkho, nayang'anizana. Wina kumbuyo adaphulika kuseka, mnzake n'kumugunda ndi chigongono.

"Mtengwa," adatero apongozi, mawu ali pansipansi, ndipo akatsitsa mawu choncho ndiye kuti zavuta. "Mwandiika m'manda ndili moyo. Mwaimitsa ntchito mudzi wonse. Chifukwa cha chitsononkho?"

Kwa nthawi yoyamba chibadwire, pakamwa panga padauma. Ndidadziwa kuti zatha, mwana akwera kamiyau, mwinanso ine ndemwe ndikwera naye.

"Si chitsononkho."

Anthu adayang'ana uku ndi uku kufuna amene walankhula, poti mawuwo palibe adawamvapo. Mwana anali ataimirira.

"Ndi amayi anga." Adatembenukira kwa ine. "Sali kuchipatala, eti?"

Maso onse anali pa ine, ndipo ndinkadziwa kuti chimene ndikufuna kunena sichinenedwa kwa mwana. Ndidati, "Sali kuchipatala, mwana wanga. Adamwalira. Tidawaika m'manda kwathu."

"Sabweranso?"

"Sabweranso."

Adagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wauzidwa chimene ankachidziwa kale. Kenaka adalira. Sikunali kukuwa kwa ukali kuja tidakuzolowera ayi, kunali kulira kwa mwana wofuna amake, ndipo adabisa nkhope pachifuwa panga. Amayi aja anali atabwera ndi misozi yokonzeka kale, yosowa pogwera. Mmodzi adakhala pansi, wina adatsatira, ndipo posakhalitsa dimba langa lonse linali siwa, kabichi wanga ataphwanyidwa ndi matako a anthu. Sindidadandaule n'kamodzi komwe.

Mwana atatonthola, akatekisita adayandikira, manja atawabisa kumbuyo, namufunsa mwaulemu ngati mwini maliro, "Tipemphere?" Adavomera ndi mutu. Akatekisita adapemphera pemphero lonse osadumpha, natchula dzina la mkulu wanga, ndipo abambo adavula zipewa. Mwana adaponya dothi loyamba, n'kuyamba kukwirira ndi manja. Mkulu wina wa adzukulu, amene adakumba manda a theka la mudziwo, adayang'ana mpaka kulephera kupirira. "Iyayi, mtumbira sakonza choncho, mvula ikokolola," adatero, nagwada, n'kuuumba bwinobwino ndi kakhasu kathu kaja. Mwana adayang'anitsitsa ntchito yonseyo. Adadikira pang'ono, ine mtima uli m'mwamba, koma sadafukule.

Anthu adayamba kudzikung'untha kuti azipita. Apongozi okha anali asanasunthe, asanakhale pansi. Mwana adapita palichero, nasankhasankha, n'kutulutsa kachitsononkho kakang'ono kopindika. Adakaimika pambali pa mtumbira. Sadayang'ane ine ayi, adayang'ana apongozi.

"Uyu ndi mwana wake," adatero. "Amaluma, koma pang'ono. Akwera kamiyau?"

Sitidamuuzepo za kamiyau. Apongozi adatulutsa kabotolo ka fodya, nakayang'ana, nakabwezanso osatsegula. Adapatsira amuna anga ndodo, n'kuyamba kutsika pansi pang'onopang'ono, maondo akulira, mpaka adagwada m'dothi momwemo, mayi amene sindidawaonepo atagwadira munthu. Adatambasula manja onse awiri.

"Bwera naye kuno."

Mwana adazengereza, kenaka adakaika m'manja mwawo. Apongozi adakapukuta fumbi ndi chala, nakamanga pansonga ya kapulana, chitenje chawo chija, mfundo yolimba.

"Kamiyau ndi wa mbatata," adatero. "Amake tawaika pano, mudzi wonse waona. Ndiye mwana apite kuti? Akhala pano."

Mwana adayang'ana mfundo ija, nayang'ana nkhope yawo. "Ali ndi njala," adatero.

"Ndiye tiye tikamupatse chakudya. Tandidzutsa."

Mwana adawakoka dzanja ndi mphamvu zake zonse, amuna anga akuthandiza kumbuyo mobisa. Adanyamuka awiriwo kukwera kumtunda, mwana atagwira nsonga ya kapulana. Ine ndidatsala pansi, maso otupa. Atafika pampanda wogwa uja apongozi adatembenuka.

"Inu mtengwa, mukudikira chiyani? Kasambeni kumaso mukaike madzi pamoto. Anthu onsewa abwera pamaliro a amake a mdzukulu wanga, sangabwerere ndi njala."